Matumba Aoneke, Koma Asawerengeke

Tsiku limene mbiri ya mzinda wa Mzuzu idzalembedwe ndi anthu oopa Mulungu, padzakhala tsamba lathunthu la ine, Vitumbiko Jere wa ku Ching'ambo, munthu amene m'chaka cha njala anadyetsa banja lonse ndi kompyuta. Ndikungopempha kuti wodzalemba tsambalo asadzafunse asisi anga. Iwo adzanena kuti banja lonselo linali anthu anayi, kuti chakudyacho chinali matumba awiri, ndiponso kuti vuto limene ndinalimbana nalo mwezi ndi theka analithetsa ndi iwo, ali chiimire kumbuyo kwanga ndi chitenje chonyowa kumutu.

Kukoleji ndinachokako chaka chachiwiri chisanathe. Sanandithamangitse ayi, tinangosiyana maganizo pa nkhani ya mayeso. Chimene ndinatulukako nacho ndi laputopu yakale ya batire lakufa, ndi luso lomanga zinthu m'kompyuta. Umaimika makoma, kufolera, kupenta, kuika dzuwa pomwe ukulifuna, kenako n'kujambula zonsezo ndi kamera ya m'kati momwemo. Kutulutsa chithunzicho timati kurenda. Asisi ankati kuphika, chifukwa laputopu inkatentha ngati mbaula kwa maola anayi, koma palibe ankadya.

Disembala

Mvula inabwera sabata yoyamba, yamphamvu, ndipo tinadzala kamunda kamene bambo anatisiyira kuseri kwa Ching'ambo. Pakhomo tinalipo asisi a Tiwonge, amene amagulitsa kaunjika mumsika, ana awo aakazi awiri, ndi ine, amene pogawa ntchito ndinkawerengedwa ngati bambo koma pogawa nzeru ngati mwana wachitatu. Chimanga chitangotulutsa masamba atatu, kumwamba kunatseka. Masabata atatu, dzuwa lokhalokha. Ku Mzuzu, kumene malaya amatha masiku anayi pachingwe osauma! Akuluakulu ankatuluka m'mawa, kuyang'ana cha kunyanja kumene mitambo imachokera, n'kubwerera m'nyumba osanena kanthu.

Tinadzalanso Khirisimasi itapita, ndi mbewu yopemphapempha. Feteleza tinagawana thumba limodzi ndi aneba athu a Kamanga, mmisiri womanga nyumba wochokera ku Nkhata Bay. Chigoba cha chimanga, chitini chija cha malita asanu, chinali pa K3,000. Asisi anati kumeneko n'kuba. Tikanadziwa, mtengo umenewo tikanaujambula n'kuupachika pabalaza.

Januwale

Mvula inabwerera limodzi ndi mbozi. Aliyense anali ndi mankhwala ake: ena phulusa, ena sopo wa ufa, ena msuzi wa usipa woti uitane nyerere zidzadye mbozizo. Asisi anati msuzi wa usipa ukapezeka pakhomo pano sukafika kumunda. Ine anandipatsa ntchito ya munthu wophunzira, yothira mchenga m'kamwa mwa phesi lililonse.

Chigoba chinafika pa K5,000. Tinayamba kudya kamodzi, cha m'ma fili koloko, chakudya chimodzi chokhala ndi mayina onse atatu.

Tsiku lina a Kamanga anandiitana pampanda.

"Vitu, makina ako aja akuti amajambula nyumba isanamangidwe. Nadi?"

"Amajambula ngakhale imene sidzamangidwa, adada."

"Vala malaya abwino. Tipite ku Chibanja."

Anandipititsa kwa a Msiska, ogulitsa chimanga. Kutsogolo kwa nyumba yawo kunali benchi, mayi woyeza, ndi kathumba kamodzi kofota, kooneka ngati katha lero lomwe. Kuseri kunali shedi ya malata. A Msiska atatsegula chitseko chake, ndinaona matumba mpaka kudenga. Mimba yanga inalankhula mokweza, moti a Kamanga anatsokomola kuti andibise.

"Monire, adada," ndinatero kwa a Msiska.

"Yewo. Ndiwe injiniya wosamaliza uja?"

"Ndine ndemwe."

"Zilibe kanthu, nanenso sindinamalize. Khala apo."

Nkhani inali iyi. Akulu awo okhala ku Joni ankafuna kuika ndalama zomangira sitolo kutsogolo kwa shediyo, ndipo womanga akanakhala a Kamanga. Koma akuluwo anakana mapulani a papepala, ati ndi mizere waka, mizere basi. Ankafuna chithunzi chonga chojambula ndi kamera. Vuto n'lakuti chithunzi chikapita kwa iwo chimagwera pagulu la pafoni la banja lonse, pamene pali abale a kukaya, kumudzi kwawo, oposa makumi anayi. Onsewo a Msiska anali atawauza kuti chimanga chinatha.

"Sono tamvera bwino," anatero. "Sitolo ioneke ngwee, mpaka zilembo za pachitseko. Kumbuyo kuoneke shedi, ndi matumba momwemo, kuti akulu adziwe kuti bizinesi ili moyo. Koma asawerengeke. Akawerengeka, mawa pano padzadza abale ndi mabesini. Aoneke, koma asawerengeke. Ngati zithunzi za paukwati zija, mkwatibwi yekha ndiye munthu, apongozi onse ali mbuu."

Zimenezo ndinkazidziwa. Kamera iliyonse, ya m'manja kaya ya m'kompyuta, ili ndi pamalo pamene imayang'anitsitsa, pa fokasi. Zoyandikira pamenepo zimaoneka bwino, zotalikira zimachita chimbuuzi. M'pulogalamu yathu ndi kabokosi kamodzi kochonga ndi manambala awiri: mtunda wa fokasi, ndi kukula kwa kabowo ka lenzi. Kabowo kakakula, chimbuuzi chimachuluka. Kakachepa, zambiri zimaoneka.

"Ntchito ya masiku atatu," ndinatero.

"Matumba awiri," anatero iwo.

A Kamanga anang'amba pepala la thumba la simenti n'kulembapo miyezo m'mamita: 14 m'litali, 6 m'lifupi, 3 kufika kudenga. Nditafika kunyumba ndinatsegula fayilo yanga yakale ya kukoleji, ya kapu ya tiyi, ntchito yokhayo imene ndinakhozapo, chifukwa dzuwa lake linali labwino ndipo sindinafune kuyambanso kupanga lina. Ndinachotsa kapu, n'kulemba 14, 6, 3. Masabata awiri ndinamanga sitolo yokongola, ya khonde ndi mawindo anayi, ndi shedi kumbuyo kwake yodzaza matumba. Thumba lililonse ndinalisoka ndi chikondi.

Febuluwale

Chithunzi choyamba chinapsa Lachiwiri masana. Ndinachiyang'ana, n'kupukuta maso, n'kuchiyang'ananso. Chitseko chokha chinkaoneka bwino. Mawindo, khonde, denga, zonse zinali zitasungunuka, ndipo nyumba yonse inkaoneka ngati kachidole ka dongo kamene mwana waumba kuseri kwa bafa. Popeza ndinali ndisanadye, ndinayamba ndakayikira maso anga.

"Asisi, tabwerani. Mukuona chiyani apa?"

"Nkhungu ya pa Chikangawa."

"Nyumba simukuiona?"

"Ndikuona chitseko. Wina waba nyumba n'kusiya chitseko."

Ndinachita zonse zimene buku likanati ndichite ndikanakhala nalo. Ndinachepetsa kabowo ka lenzi. Maola anayi: chitseko ndi windo limodzi. Ndinachepetsanso mpaka nambala yomaliza imene makamera enieni amafika. Maola anayi: chitseko ndi mawindo awiri, zina zonse Chikangawa. Ndinasuntha fokasi kupita pa zilembo. Zilembo zinabwera, chitseko chinapita. Patsiku ndinkatha kuyesa kawiri basi, ngati magetsi alola. Popeza batire linali lakufa, magetsi akangophethira, maola atatu ophika ankapita m'madzi. Ndinaphunzira kupemphera moyang'ana babu.

Kenako ndinachotsa chonga m'kabokosi kaja, kuzimitsa chimbuuzi chonse, n'kunyamula zithunzi ziwiri kupita ku Chibanja.

A Msiska anayang'ana chopanda chimbuuzicho, chala chawo n'kuyamba kuyenda chokha pagalasi la foni.

"Teni, twente, sate... Iwe! Fufuta ichi. Ukufuna andiphe?"

"Nanga ichi chinachi, adada?"

Anachitumiza ku Joni kwa akulu okha, mowapempha kuti asachiike pagulu. Yankho linabwera la mawu, ndipo analiliza ine ndili pomwepo: "Kodi ndalama zanga mukufuna kumangira khola la nkhunda?"

Ndinayesa kubera. Ndinatenga chooneka bwino chija n'kupaka matumba ndi dzanja m'pulogalamu ina, kuwafufuta pang'ono. A Msiska anapukusa mutu.

"Apa ngakhale mwana aona kuti tapaka dala. Kamera ikabisa, palibe mlandu, ndi mmene kamera imaonera. Munthu akabisa, ndi ufiti. Ndikufuna kamera ibise."

Chigoba chinali pa K8,000. Mphekesera zinkayenda kuposa maminibasi. Ati malole a chimanga akuoloka malire kumpoto. Ati kumsika wa boma kubwera chimanga Lachinayi. Asisi anakaima pamzere kuyambira m'mamawa, Lachinayi linabwera lokha. Ati m'gaga wa pamsika akusakanizamo utuchi wa matabwa. Banja lina pamzere wathu linatumiza ana kumudzi kuti akadye, ndipo sabata yomweyo banja loyandikana nalo linalandira ana ochokera kumudzi obwera kudzadya. A Kamanga anagulitsa wilibala yawo. Akazi awo anatipatsa ufa wa kondowole m'kapepala, kamodzi, motsitsa mawu, kuti aneba ena asamve. Kaunjika sankayenda. Ndani agule jekete mimba ili pamsana?

Tsiku lina asisi anaika chimanga patebulo n'kuchiyang'ana ngati chawatukwana.

"Chigoba chimatifikitsa masiku anayi. Ichi chikutha atatu ndi theka. Zigoba za kwa a Msiska zikuonda."

Apa m'pamene sayansi inalowererapo. Ndinagula rula pagolosale, tinapita limodzi ku benchi ija, ndipo mvula itayamba, mayi woyeza uja atathamangira kukafunditsa kathumba kake pulasitiki, asisi anagwira chigoba, ine n'kuyeza. Kunja, masentimita 22 kutalika, 17 kukamwa. Pansi pake anali atamenya ndi hamala, matako atalowa m'kati zala zitatu. Ndinakachimanga m'kompyuta mmene chinalili, ndi dzimbiri lomwe, ndipo kompyuta inati chimalowa malita anayi ndi theka. Pa zigoba khumi zilizonse, chimodzi chinkatsala kwa a Msiska.

Ndinalengeza zotsatirazo ndi ulemu woyenera.

"Chabwino," anatero asisi. "Ndiye tiphike nambalayo?"

Sabata yomweyo mwana wamng'ono anabwera ndi kakalata ka aphunzitsi: akumagona m'kalasi, ndipo dzulo anagwa pamzere wa m'mawa. Asisi anakawerenga kawiri, n'kukapinda bwinobwino, n'kukhala pansi moyang'anana nane.

"Vitu, ku Katawa kuli munthu wokonza mafoni. Ndamufunsa. Makina akowa akhoza kugula, ndalama yake ndi thumba limodzi."

"Asisi, a Msiska akupereka awiri."

"A Msiska akupereka awiri a m'nkhungu. Uyu akupereka limodzi looneka. Loweruka loyamba la Malichi abwera naini koloko. Ndakupatsa masiku khumi chifukwa ndiwe mlongo wanga. Ukanakhala mwamuna wanga, bwenzi atapita kale."

Laputopu imeneyo ndiyo yokha inkandisiyanitsa ndi munthu amene anangolephera sukulu basi. Koma mwanayo anali atagona pamkeka masana dzuwa likuswa mtengo, manja ali pamimba.

Malichi

Masiku asanu ndi anayi ndinasintha lenzi, ndinasintha kamera, ndinachotsa pulogalamu n'kuiikanso, ndinaimba mlandu laputopu, magetsi, ndi aphunzitsi anga akale. Mvula inkagwa usana wonse, yamvumbi ija ya kwathu. Chimanga kumunda chinali chitamasula, koma chofupika, chofika m'chiuno, ndipo anthu anali atayamba kale kuba chosakhwima.

Lachisanu magetsi anabwera teni koloko. Ndinali ndi nzeru imodzi yotsala, imene ndinaiwerenga pa intaneti: m'malo molemba mtunda wa fokasi pamanja, ika kanthu pamalo pamene ukufuna, uuze kamera iziyang'ana komweko. Ndinafuna kanthu kakang'ono koika pakhonde la sitolo. M'kompyuta monse, chinthu chaching'ono chimene ndinali nacho chinali chigoba chija. Ndinachiitanitsa.

Galasi lonse linada bii. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kubwereranso. Chigoba chinali chitaima ngati thanki ya madzi ya mzinda wonse, dzimbiri lake ngati mapu a dziko, ndipo kumapazi kwake kunali kasitolo ka a Msiska, kosafika ngakhale pa msoko woyamba wa chitini.

Ndinatukwana pang'ono m'Chitumbuka, n'kugwira chigobacho kuti ndichichepetse. Asisi anali atangolowa kuchokera kumsika, madzi akudontha m'chitenje.

"Ukutani?"

"Chigoba chabwera chachikulu. Ndikuchichepetsa."

"Usayerekeze. Achichepetsa kale ku Chibanja, iwenso uchichepetse?"

"Asisi, si nthawi ya nthabwala."

"Sindikuseka. Chigoba chimenecho unayeza ndi rula, ine nditagwira. Ndikuchidziwa kuposa nkhope yako. Nanga nyumbayo unayeza ndi vichi?"

"A Kamanga analemba. Fotini."

"Fotini chiyani?"

"Mamita."

"Makinawo unawauza kuti ndi mamita? Ine kasitomala akati fotini, ndimafunsa: ya mwana kapena ya wamkulu?"

Ndinatsegula tsamba la miyezo, limene sindinalitsegulepo chichokereni kukoleji. Fayilo ya kapu ya tiyi inkawerenga m'masentimita. Poyeza chigoba ndinalemba 22 ndikuganiza masentimita, kompyuta n'kumva masentimita, tinagwirizana mwangozi. Koma pomanga sitolo ndinalemba 14 ndikuganiza mamita, iyo n'kumva masentimita. Mwezi ndi theka ndinkajambula sitolo yotalika ngati mtanda wa sopo wochapira, wosafika theka la rula yanga, kamera itaigunda mphuno. Yesani kujambula nyerere ndi foni pafupi chotero: mutu uoneka, miyendo ipita m'nkhungu. Kamera sinalakwepo tsiku ndi limodzi lomwe. Akulu a ku Joni atati khola la nkhunda, anandikomera mtima. Nkhunda sikanalowamo.

"Ndiye?" anatero asisi.

"Ndiye nyumba ndiyo yaing'ono."

"Yaing'ono chomene. Zaka ziwiri za koleji."

Ndinakulitsa zonse ka handiredi, kusiya chigoba mmene chinalili. Chinakhala pakhonde, kakang'ono, kaulemu, ngati chigoba. Kamera ndinaibweza tsidya la msewu. Nditayesa kachithunzi kakang'ono kofulumira, mtima unagwanso: tsopano zonse zinkaoneka, matumba onse, mpaka ulusi wosokera. Koma apa ndinali m'dziko limene ndikulidziwa. Kabowo kamene ndinakachepetsa Febuluwale yense ndinakatsegula, n'kukatsegulanso, kuposa kamera iliyonse ya m'sitolo. Ndinaika lenzi yoonera patali. Fokasi ndinaimangirira pachigoba. Nthawi inali itangopitirira thwelofu pamene ndinayamba kuphika chithunzi chenicheni. Mwayi woyesa kachiwiri panalibe.

Asisi sanabwerere kumsika. Anakhala pampando moyang'ana babu. Tsiku limenelo palibe anayatsa wailesi kapena kutchaja foni, ngati kuti magetsi ndi mlendo wokwiya msanga. Chithunzi chimabwera m'timabokosi, kuyambira pakati kupita m'mbali. Chinatuluka chigoba. Chitseko. Zilembo. Windo loyamba, lachiwiri. Cha m'ma thu koloko kunagunda bingu cha ku Katawa, babu n'kufiira, n'kubwerera. Asisi anati "Chiuta!" motsitsa, osachotsa maso pamenepo. Windo lachitatu. Lachinayi. Denga lonse, lowongoka, malata ake owerengeka. Kenako timabokosi tinafika kushedi, ndipo matumba anatuluka ofewa ngati mitambo ya m'mawa: ambiri, oyera, osadziwika pothera limodzi n'poyambira linzake.

Chinatha itatsala pang'ono kukwana folo. Ndinachisamutsira pafoni. Magetsi anazima chingwe chikadali m'foni.

"Chalowa?" anafunsa asisi.

"Chalowa."

"Tidye."

Loweruka tinafika ku Chibanja seveni koloko, asisi atanena kuti naini ikakwana opanda matumba, munthu wa ku Katawa apeza laputopu patebulo. A Msiska anatuluka akutsuka m'kamwa. Anatenga foni, kukulitsa chithunzi ndi zala, chala chija n'kuyamba ulendo wake.

"Wani, thu... yayi. Wani... Awa ndi awiri kapena limodzi?"

"Ndi mmene kamera imaonera, adada."

Anachitumiza. Tinadikira pabenchi mphindi makumi anayi, asisi akuyang'ana dzuwa m'mitambo ngati wotchi. Foni inalira. "Eya, iyi ndiye sitolo," anatero mawu a ku Joni. "Katundu ndikumuona kumbuyoko. Uzani mmisiri ayambe." Pagulu la banja, azakhali ena analemba kuti, kodi zoyerazo ndi chimanga? A Msiska anayankha kuti ndi matumba a laimu womangira.

Kenako anaitana mayi woyeza uja. "Ayezereni awa. Thumba ndi zigoba thwelofu, ndiye twente-folo."

"Tinapangana matumba, adada," anatero asisi. "Osoka."

"Amama, thumba ndi zigoba, zigoba ndi thumba. Chasiyana n'chiyani?"

Ndinapempha foni ija mwaulemu n'kukulitsa pakhonde la sitolo.

"Adada, mwachiona ichi? Ndi chigoba chanu chomwechi, ndinachiyeza. M'chithunzi chonse, fokasi ili pa icho. Pano chaimirira. Mukafuna, ndikhoza kuchigoneka cham'mbali kuti a pagulu aone mmene hamala inagwirira ntchito kunsiku. Chimaoneka bwino chomene. Maola anayi okha."

Mayi woyeza anayamba kusesa pamalo posesa kale.

"Mnyamata iwe," anatero a Msiska, "n'chifukwa chake sukulu inakukana."

Anatulutsa matumba awiri osoka, n'kuwaika pasikelo ife tikuona. Zinawanyamula njinga ziwiri za sakaramento, makabaza a kwathu, ife tikutsatira pansi. Munthu wa ku Katawa tinamupeza ataima pakhomo ndi ambulera. Asisi anamupepesa, n'kumupatsa mpando, n'kumuuza kuti makinawo adwala nkhungu, sangamuthandize.

Epulo

Matumba awiriwo anatiolotsa. Mwana wamng'ono anasiya kugona m'kalasi n'kuyamba kulongolola, aphunzitsi n'kutumiza kakalata kena. Mondokwa unayamba kupezeka m'misewu, maungu anabwera, chigoba chinatsika kufika pa K6,000, kenako K4,500. Abale a kukaya a a Msiska sanabwere ndi mabesini. Anthu makumi anayi anjala anayang'ana chimanga cha m'bale wawo pafoni osachizindikira, ndipo amene anakonza zimenezo ndine, mwaluso. Ndinaganizapo. Ndinkaganiza ndikudya.

Juni

Kamunda kathu, kamene chaka chabwino kamatipatsa matumba khumi ndi awiri, kanatipatsa asanu. Tinakolola m'mawa wozizira, nkhungu yeniyeni itaphimba Ching'ambo yense, moti asisi ali kumapeto kwa mzere ankaoneka koma osawerengeka. A Kamanga anakumba maziko ku Chibanja, mamita khumi ndi anayi enieni, ndipo anagula wilibala ina. Sitoloyo mpaka lero ili pa mawindo. Yanga inali ndi denga.

Laputopu ikadalipo. Ndikatsegula fayilo yatsopano, ndimayamba ndaikamo chigoba, kenako n'kumanga zina zonse mochiyang'ana. Ndicho chinthu chokha chimene chaka chimenecho tinachiyeza moona.

Wodzalemba tsamba langa lija akadzafuna kudziwa kuti nkhondo yonseyi inandidyera zingati, alembe chonchi. Lamba ndinaboola ndekha ndi msomali, mabowo awiri, ulere. Asakaramento analipira ndi asisi. Za m'thumba mwanga zinali K400, za rula. Mwana wamng'ono anapita nayo kusukulu Lolemba lotsatira, ndipo sinabwerere.